Chamba ndi Nzeru za Ana Athu: Chidule cha Khutuba ya Ijumaa ku Madziabango

Chiyamiko chonse ndi cha Allah, amene adalenga munthu namupatsa nzeru. Madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo mu Chisilamu, ma ulama akuluakulu monga Imam Al-Ghazali adafotokoza kuti Shariah idadza kudzateteza zinthu zisanu: chipembedzo, moyo, nzeru, mbumba ndi chuma. Lero tikambirana za nzeru, ndi mdani amene akuzidya mwakachetechete pakati pa ana athu.

Kuno ku Madziabango, ku Chileka ndi ku Lirangwe, ngakhalenso m'madooko a asodzi ku Nkhotakota, Salima ndi Mangochi, chamba sichachilendo. Mnyamata amayamba kusuta asanamalize sukulu, atanamizidwa kuti chimapatsa mphamvu pa ntchito ndi kuchotsa mantha. Makolo timadzitonthoza kuti ndi chibwana chabe, adzasiya akadzakula. Choopsa n'chakuti mwana angathe kusiyadi, koma bala la m'mutu n'kudzaonekera patapita zaka.

Madokotala amatiuza kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo mbali imene imakhwima pomalizira ndi yothandiza munthu kudziletsa ndi kulingalira asanachite kanthu. M'chamba muli mankhwala otchedwa THC, amene amasokoneza mmene mbali za ubongo zimatumizirana mauthenga. Kuthira THC mu ubongo wa mwana wa zaka 15 kuli ngati kuponda njerwa isanaume.

Imodzi mwa nthenda zimene ofufuza azipeza kuti zimayendera limodzi ndi chamba ndi ya maganizo yotchedwa bipolar disorder. Wodwala nthendayi amakhala ndi nyengo ziwiri zotsutsana. Nyengo ina amakwera: sagona koma satopa, amayankhula mofulumira osalekeza, amamwaza ndalama, amadziona ngati munthu wamkulu kwambiri, ndipo sachedwa kupsa mtima. Nyengo ina amagwa: amadzitsekera m'nyumba, chakudya sichimukoma, amadziona wopanda pake, mwinanso kuganiza zodzipha. Kawirikawiri nthendayi imayamba munthu akamalowa m'zaka za ukulu.

Mu 2017 ofufuza a ku University of Warwick ku England adafalitsa zimene adapeza pa achinyamata 3,370. Amene ankasuta chamba kawiri kapena katatu pa sabata ali ndi zaka 17 adali ndi chiopsezo choposa kawiri choonetsa zizindikiro za nyengo yokwera ija pofika zaka 22 ndi 23. Mu 2023 kafukufuku wina wa ku Denmark, pa anthu oposa 6 miliyoni, adapeza kuti amuna amene chamba chidawalowerera adali ndi chiopsezo cha nthendayi pafupifupi katatu kuposa anzawo.

Tinene mwachilungamo, pakuti Msilamu sawonjezera pa choonadi: si wosuta aliyense amene adzadwale, ndipo si wodwala aliyense amene adasutapo. Nthendayi imayendanso m'magazi a kumtundu. Koma ndani wa ife akudziwa zimene mwana wake adabadwa nazo? Pamene pali udzu wouma sitiseweretsapo moto.

Ena akuti boma lidavomereza chamba. Lamulo la 2020 lidalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene apatsidwa chiphaso. Kusuta kudakali mlandu. Ndipo kwa ife, Surah Al-Maida ndime 90 idaletsa kale zoledzeretsa, pamene ma ulama monga Ibn Taymiyya adagamula kuti chamba chili m'gulu lomwelo chifukwa chimaphimba nzeru.

Tsono tichitenji? Choyamba, tidziwe anzawo a ana athu ndi kumene amaswera. Tiziyankhula nawo za chamba asanachilawe, kunyumba ndi ku madrasa, mofatsa ndi momveka bwino.

Chachiwiri, mwana akayamba kutha masiku osagona, kuyankhula zosalumikizana kapena kudzipatula, tisathamangire kunena kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi majini. Tisamumange unyolo, tisamumenye. Timutengere ku chipatala chaching'ono cha Madziabango, Chileka kapena Lirangwe. Kumeneko angathe kumutumiza ku Gulupu mu mzinda wa Blantyre, ndipo ngati kuli kofunika, ku chipatala cha anthu odwala maganizo ku Zomba. Abale a kunyanja ayambire ku chipatala chimene ali nacho pafupi. Akayankhula zodzipha, tisamusiye yekha ndipo tipite naye tsiku lomwelo. Mankhwala alipo, ndipo amene amamwa mokhulupirika n'kusiyiratu chamba amatha kubwerera ku sukulu, ku ntchito ndi ku banja. Dua ndi mankhwala sizitsutsana. Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale kwa iye, adatilimbikitsa kufunafuna chithandizo tikadwala.

Chachitatu, tisamuseke wodwala kapena kuchititsa manyazi makolo ake. Manyazi ndiwo amabisitsa matenda mpaka zinthu zitafika poipa. Pamzikiti akhale ndi malo ake pa mzere wa Swala monga wina aliyense.

Ana ndi amanah imene tidzafunsidwe pa tsiku la Qiyama. Tikupempha Allah ateteze nzeru za ana athu, achize odwala athu, ndipo awongole amene adasochera. Ameen.