Kandege Kakongola, Koma Pulopela Ikukana

Ku Britain, Germany, America ndi maiko ena kuli anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene amatha miyezi akupanga tindege totengera ndege zenizeni. Tindegeti tili ndi injini yoyendera mafuta, ndipo mwini wake amakawongolera ndi wailesi ataima pansi. Mapiko, mawilo ndi penti amatengera bwinobwino. Mutu umayamba kuwawa akafika pa pulopela, chija chimazungulira kumphuno kwa ndege.

Taonani ndege yankhondo ya ku America yotchedwa Corsair, imene inauluka koyamba mu 1940. Pulopela yake inali ya masamba atatu, yotalika mainchesi 160, kupitirira pang'ono mamita 4. Munthu akapanga Corsair yochepetsedwa ka 8, mapiko amatambalala mita imodzi ndi theka, ndipo pulopela yogwirizana ndi thupilo iyenera kukhala ya mainchesi 20. Koma kandege ka msinkhu umenewu kamauluka ndi injini ya 10 cc, imene mphamvu zake zimathera pa pulopela ya masamba awiri ya mainchesi 11 kapena 12.

Chifukwa chake n'chakuti injini ya Corsair inkazungulira pafupifupi ka 2,700 pa mphindi, ndipo magiya ankachepetsanso liwiro la pulopela ndi theka. Kainjini kakang'ono kalibe magiya. Nyonga zake zimaoneka kakamazungulira koposa ka 10,000 pa mphindi. Mukakasenzetsa pulopela yaikulu kamalira mobanika, kamatentha, kenako kamazima kali m'mwamba. Thukuta la chaka chathunthu limasanduka nkhuni.

Yaing'ono nayo ili ndi mlandu wake. Corsair ndi yamphuno yonenepa, motero mbali yaikulu ya mphepo imangomenya mphunoyo m'malo mokoka ndege. Komanso pulopela ikachepa kwambiri, injini imathamanga mopyola muyezo n'kudziwononga.

Pa pulopela iliyonse pamalembedwa manambala awiri, monga 12x6. Yoyamba ndi kutalika kwake. Yachiwiri ndi mtunda umene ingayende kutsogolo ikazungulira kamodzi, ngati sikulu yolowa m'thabwa. Wopalasa njinga yamagiya akudziwa kale nkhaniyi: nambala yachiwiri ikachepa, ndi giya yokwerera chitunda, ikakula, ndi giya yothamangira pachidikha. Kandege kolemera kofuna kunyamuka msanga kamafuna giya ya chitunda. Ofuna masamba atatu amatsata lamulo lachizolowezi lakuti kutalika kuchepe ndi inchi imodzi: pamene panali 12x6 ya masamba awiri aikepo 11x6. Ena amagula injini ya four-stroke, imene imazungulira pang'onopang'ono ndipo imakwanitsa pulopela yokulirapo. Masiku ano ambiri asamukira ku mota ya batire, imene munthu angasankhe yozungulira modekha, ndipo masamba atatu kapena anayi sakuvutanso monga kale.

Bungwe la FAI, loyang'anira masewera a m'mlengalenga padziko lonse, linavomereza kuti kukongola ndi kuuluka sizigona nyumba imodzi. Pampikisano wake wa F4C oweruza amayamba ayang'ana kandege kali pansi ndi pulopela yofanana ndi yeniyeni. Nthawi youluka ikakwana, mwini wake amaloledwa kuichotsa n'kuikapo ina. Yachitsulo yokha ndiyo yoletsedwa kuulutsira.

Zogula m'sitolo, monga za APC kapena Master Airscrew, zambiri ndi zapulasitiki wolimba. Zina ndi zamtengo. Yamtengo imathyoka ikangogunda pansi, komatu nthawi zina kuthyokako ndi kumene kumapulumutsa shafiti ya injini. Iliyonse imayesedwa kaye ngati masamba akulemera mofanana, chifukwa ikalemera mbali imodzi kandege kamanjenjemera mpaka masikulu kumasuka. Yokhala ndi mng'alu saimata ndi guluu, amataya. Tsamba likathothoka injini ili pa liwiro limatha kuboola diso, n'chifukwa chake wolizitsa injini amaima kumbuyo kwa pulopela, osati m'mbali mwake.