Makina Akalumpha Msoko, Yambani Mwaona Singano

M'komboni ya George, pafupi ndi Matero mu mzinda wa Lusaka, mwezi wa January ndiwo mwezi wa osoka nsapato. Masukulu akamatsegulidwa, makolo amadza ndi nsapato zong'ambika ndi zikwama zoduka malamba, ndipo yense afuna cinthu cace tsiku lomwelo. Makina akayamba kulumpha msoko pa nthawi yotere, mmisiri ataya ndalama ndi mbiri yomwe, pakuti cikopa sicili ngati nsalu. Pamene singano yaboola, bowo likhala mpaka kale, ndipo kubwereza katatu pa mzere umodzi ndiko kudula nsapato ya mwini.

Makina odziwika kwambiri pa nchito imeneyi ndi Singer 29K, a mkono wautali ndi woonda wolowa mpaka ku zala za nsapato. Anali kupangidwa ku Clydebank m'dziko la Scotland. Fakitale ya kumeneko inatsekedwa mu 1980, koma makinawo akali kusoka, pamodzi ndi ena otengera mtundu womwewo ocokera ku China. Ayenda ndi phazi kapena dzanja, cotero pamene magetsi anali kusowa mu caka ca 2024 cifukwa ca kucepa kwa madzi ku Kariba, iwo sanaime. Ngakhale kumudzi kumene kulibe magetsi angathe kudyetsa banja.

Colakwa ca ophunzira ambiri ndico kuthamangira kumasula masikuluu a m'kati. Kawirikawiri bvuto liri pa singano. Ulusi wapamwamba uyenera kupanga kagoba kumbuyo kwa diso la singano, kuti nsonga ya shato ikakole. Singano ikapindika pang'ono, kapena ikapanda kukankhidwa mpaka kumapeto kwa malo ace, shato ipita padera ndipo msoko ulumpha. Pa makina a 29K, ngalande yaitali ya singano iyang'ane kumanzere. Singano ya nsalu ndi ya nsonga yobulungira, koma ya zikopa, ya nambala 29x4, iri ndi nsonga yoceka ngati kampeni.

Mdani wina ndi guluu. Mmisiri amayamba wamata nsapato asanasoke, ndipo akafulumira guluu asanaume, amakakamira ku singano ndi kugwira ulusi, kagoba kaja nikalephera kutseguka. Mankhwala ace ndi kudikira pang'ono ndi kupukuta singano ndi kansalu ka palafini. Tidziwa kuti kudikira nkobvuta pamene mwini nsapato waima pakhomo ndi nsapato imodzi kuphazi.

Ulusi ukawirirana kunsi kwa cikopa, ambiri amanamizira bobini. Mlandu uli pamwamba: ulusi wacoka pakati pa timbale toupana, kapena timbaleto tamasuka. Mangani pang'onopang'ono, mukuyesa pa cidutswa ca cikopa comweco, kufikira mfundo ibisike pakati pa cikopa. Ulusi ukamaduka kapena kunyenyeka, mwina ndi waukulu koposa diso la singano, mwina singano yothyoka kale inasiya cipsera cakuthwa pa kambale ka pansi. Cipseraco cimamveka ndi cikhadabo.

Msoko ukamafupika wokha, yang'anani phazi la makina, pakuti pa mtundu umenewu phazi lokhalo ndilo likoka cikopa. Mano ace akatha kapena likapanda kupana mokwanira, cikopa citerereka. Likapanitsa, lisiya zipsera pa cikopa cofewa.

Fumbi la m'miseu ya George m'miyezi ya August ndi September lisakanizana ndi mafuta m'malo a shato ndi kusanduka phala. Tsukani malowo ndi palafini, ndi kudonthezapo mafuta a makina. Mafuta ophikira ai, cifukwa amauma ndi kumata. Zonsezi zikalephera, pamenepo mpamene muitane makaniki kuti ayese nthawi imene shato ikumanira ndi singano, ndipo mumuonetse cidutswa cimene mwayeserapo.