Kutsinidwa khutu si umboni

Mwezi wathawu ndinali pa benchi ya mayi wina wogulitsa kaunjika mumsika wina m'tauni muno, ndikusankha shati. Mosakhalitsa panatulukira apolisi awiri. Ati atsinidwa khutu kuti mayiyo amabisa chamba m'belo la zovala. Anakhuthula belo lonse pansi, n'kusechanso chikwama ndi kabokosi ka ndalama. Sanapeze kanthu. Iwo anapita, makasitomala nawo anabalalika, ndipo mpaka lero ena pamsikapo amati "mayi wachamba uja".

Mayiyo atafunsa kuti, "Bwana, wakuuzani ndani?" anayankhidwa kuti zimenezo n'zachinsinsi. Apa sindiwatsutsa apolisi. Wotsina khutu ayenera kutetezedwa, apo ayi palibe angaulule mbava zomwe zimatithyolera maokala usiku. Funso langa ndi lina: kodi mawu a munthu wosadziwika, paokha, ndi okwanira kuti akuimike n'kukupanga chipikisheni?

Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinalandira mu 1994, limateteza munthu aliyense kuti asasechedwe iye mwini, nyumba yake kapena katundu wake. Ufuluwu uli ndi malire, n'zoona. Apolisi amaloledwa kusecha akakhala ndi chikalata cha khothi, ndipo nthawi zina popanda chikalata ngati ali ndi chifukwa chomveka chomukayikira munthu. Nkhani yagona pa chifukwa chomvekacho.

Funso lomweli linafikapo ku khothi lalikulu la ku America, ndipo milandu iwiri ya kumeneko ingatithandize kuganiza. Mu 1990, pa mlandu wa Alabama v. White, munthu wosatchula dzina anaimbira apolisi kuti mayi wina atuluka m'nyumba yakuti nthawi yakuti, akwera galimoto yosweka nyali yakumbuyo, ndipo alowera ku motelo yakuti atanyamula kokeni. Apolisi sanathamangire kumugwira. Anabisala, naona zambiri mwa izo zikuchitikadi, kenaka anamuimika. Khothi linati anachita mwalamulo, kamba koti wodziwa mayendedwe a mnzake asanachitike ndiye kuti akudziwadi zamkati.

Mu 2000, pa mlandu wa Florida v. J.L., wina anaimba kuti mnyamata wovala shati yamandalasi pa siteji ya basi ali ndi mfuti. Apolisi anafika, kumusecha, mfuti n'kuipezadi. Komabe majaji onse 9 anagwirizana kuti chipikishenicho chinali chosemphana ndi malamulo. Shati ndi siteji aliyense wodutsa angazione. Sizisonyeza kuti woimbayo akudziwa za mlandu. Komanso zimene zapezeka pambuyo sizingayeretse chipikisheni chomwe chinayamba popanda chifukwa.

Malamulo a ku America si athu, koma nzeruyo njomveka ngakhale pa Limbe kapena ku Tsoka. Pamsika pali nsanje, ngongole ndi kulimbirana malo. Wofuna kugwetsa mnzake safunanso mankhwala masiku ano, mayunitsi a foni akwana. Ife tinabadwa chipani chimodzi chili kumapeto, koma makolo athu amatiuza mmene mawu a kazitape ankatumizira munthu ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Ndiye tibwererenso komweko kudzera pa foni?

Makhothi athunso anayamba kale kukana zogwira munthu pongomuganizira. Mu 2017 High Court inathetsa gawo lina la lamulo la vakabu, pa mlandu wa venda Mayeso Gwanda yemwe anamangidwa mu 2015 ali pa ulendo wokagulitsa majumbo m'mamawa.

Pempho langa kwa apolisi n'losavuta: mukatsinidwa khutu, yambani mwafufuza. Wouzayo mumam'dziwa? Anakuuzanipo zoona kale? Zomwe wanena mwaziona nokha? Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu anzanga a geni ndi ana a sukulu, akakuimikani musalimbane nawo. Funsani mwaulemu dzina la wapolisiyo, chifukwa chake, ndiponso ngati ali ndi chikalata. Itanani mnzanu aziona zomwe zikutulutsidwa m'chikwama. Munthu wamkazi ayenera kusechedwa m'thupi ndi mkazi mnzake. Akakumangani, gawo 42 limati muuzidwe chifukwa ndipo muonekere ku khothi pasanathe maola 48.

Tsiku lija tonse tinangoima n'kumaonerera, inenso shati ili m'manja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.