Injini Yopanda Turbo Siitsika Mtengo ku Mangochi

Munthu wodziwa galimoto akamagula yakale pa Mangochi Boma sataya nthawi ndi utoto. Amatsegula boneti nafunsa ngati injiniyo ili ndi turbo.

Turbo ndi kachipangizo kozunguzidwa ndi utsi wotuluka m'injini, komwe kamakankhiramo mpweya wochuluka kotero kuti injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Malamulo ochepetsa utsi ku Ulaya ndiwo anakafalitsa. M'chaka cha 2015 Porsche anaika turbo mu 911 Carrera, naye Ferrari anatulutsa 488 m'malo mwa 458. Okonda liwiro anayamba kusakasaka zakalezo chifukwa cha kaliridwe kake, mitengo yake niilimba.

Kunyanja nako zakale nzosiririka, koma pa chifukwa china. Wamalonda wonyamula chambo chachiwisi kuchokera ku Makanjira alibe nazo ntchito za kaliridwe; iye amaopa kufera panjira, pakuti nsomba sizidikira makaniko. Hilux ya dizilo ya injini ya 3L kapena 5L ilibe turbo, chimodzimodzinso Land Cruiser ya 1HZ, injini ya malita 4.2 imene inayamba mu 1990. Nzaulesi pokwera zitunda za ku Namwera, inde, komatu makaniko wa patsinde pa mango amazidzutsa ndi sipanala. Injini ya D-4D, imene inafala ndi Hilux ya 2005, njamphamvu ndithu, koma imadana ndi dizilo wothiridwa parafini, ndipo turbo yake ikafa mwini amakafuna ina ku Blantyre.

Tsono Hilux yakale, ingakhale yadzimbiri, mwini wake sanyengerera wogula. Amatchula mtengo nakhala chete.