Valavu ndi Mpweya wa m'Matayala Onyamula Zokolola

Tomato ndi masamba ambiri amene amagulitsidwa ku Unit D, m'tauni ya Chitungwiza kumwera kwa Harare, amachokera m'madimba a ku Seke, ndipo ena amapitirira kumsika wa Mbare. Katunduyu sachedwa kuwonongeka. Tayala likaphwa panjira m'mwezi wa Okutobala, tomato amafewa padzuwa ndipo mlimi amaluza phindu la miyezi itatu. Nthawi zina cholakwa sichikhala msomali ayi, koma valavu.

Matayala opanda chubu a galimoto zazing'ono amakhala ndi valavu ya mphira, monga TR413, imene malire ake ndi 4.5 bar. Matayala a lole ndi a kalavani yolemera amapopedwa kuposa pamenepa, choncho amafunika valavu yachitsulo yomanga ndi nati. Popeza mphira imang'aluka ndi dzuwa, valavu isinthidwe nthawi iliyonse tayala latsopano likuikidwa. Tayala lakumbuyo la thirakitala lothiridwa madzi lili ndi valavu yakeyake, TR218A. Madziwo adzaze magawo atatu mwa anayi, valavu ili pamwamba, kuti mutsale malo a mpweya.

Mpweya uyezedwe m'mawa tayala lisanayende, chifukwa kutentha kukakwera ndi 10°C mpweya umakweranso pafupifupi 0.1 bar. Woyendetsa asaphwetse tayala lotentha poganiza kuti lakhuta kwambiri; likazizira lidzapezeka loperewera. Tayala loperewera mpweya limapindika m'mbali, limatentha, kenaka limaphulika, makamaka katundu akachuluka.

Galimoto zina zili ndi timakina tochenjeza woyendetsa mpweya ukatsika. Ku America lamulo linakakamiza timakinati pa galimoto zazing'ono zatsopano kuyambira mu 2007, ndipo m'maiko a European Union kuyambira mu 2014. Timakina tina timagulidwa padera nkumangidwa kunsonga kwa valavu. Toteroti timafunika valavu yachitsulo, pakuti kulemera kwake kumagwedeza ya mphira mpaka kuithyola m'tsinde.

Kumene kulibe timakinati, geji ya m'manja ndi thovu la sopo ndi zokwanira. Sopo akapakidwa pakamwa ndi patsinde la valavu, thovu lotukumuka limaulula pamene mpweya ukutulukira. Kachivindikiro ka valavu kasasowe, chifukwa fumbi la m'misewu ya kumudzi likalowa, mtima wa valavu sutsekanso bwino. Alangizi, kaya ndi a ku Seke, ku Chipata, ku Tete kapena ku Dedza, angachite bwino kuphunzitsa zimenezi m'makalabu a alimi nyengo yokolola isanafike.