Anyamata Anayi Ovina pa Makina Othamangirapo

Pamene anyamata a gulu loyimba la OK Go, lomwe linabadwira mumzinda wa Chicago mu 1998, anafuna kuti dziko limve nyimbo yawo ya rock yotchedwa Here It Goes Again, sanadikire chuma cha akuluakulu ojambula, koma anaimika kamera imodzi patsogolo pa makina asanu ndi atatu othamangirapo anthu olimbitsa thupi, navina pamenepo kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto, osadula kanemayo ngakhale kamodzi.

Chinali chaka cha 2006. Trish Sie, mlongo wake wa woyimba wa gululi Damian Kulash, ndiye anawaphunzitsa kaponyedwe ka mwendo. Ndipo amene apenyetsetsa adzaona mapazi akutsetsereka ngati pamatope, wina akudumphira pa lamba wa mnzake, nkhope zili duu, pamene kupunthwa kumodzi kukanawononga zonse. Kwa ine, kukoma kwake kwagona pa ngozi imeneyo. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa: kanema wotchipayo anawanda pa YouTube, nalandira mphotho ya Grammy mu 2007.

Mu 2010 anyamatawa anasiyana ndi kampani yojambula nyimbo ya EMI, nakhazikitsa kampani yawoyawo, Paracadute.