Mwayi wa Malo ndi Thandizo la Ndalama kwa Ophunzira Akunja m'Mayunivesite Otchuka a ku America

Mayunivesite a ku United States amene mayina awo amamveka dziko lonse, monga Harvard, Yale, Princeton ndi MIT, amalandira mafomu ofunsira malo ochuluka kwambiri kuposa malo amene ali nawo, moti m'zaka zaposachedwapa amene amatengedwa amakhala 5 kapena kucheperapo pa ofunsira 100 alionse. Mu 2024, Harvard inalandira mafomu oposa 54,000 ndipo pa tsiku lolengeza zotsatira inali itasankhapo ophunzira 1,937 okha, kutanthauza kuti oitanidwa sanakwane 4 pa 100 alionse. Chiwerengerochi chimaphatikiza nzika za dzikolo ndi alendo, koma kwa wophunzira wochokera kunja mwayi umachepa kuposa pamenepa, ndipo ku MIT, yunivesite imene imaonetsa poyera ziwerengero za ofunsira akunja, opeza malo amakhala pafupifupi 2 pa 100 alionse. Chifukwa chake n'chakuti sukuluzi zimapereka kagawo kochepa ka malo kwa alendo, ndipo kagawo kameneka kamalimbiranidwa ndi ana a ku China, India, Nigeria, Brazil ndi maiko ena ambirimbiri nthawi imodzi.

Nkhani ya ndalama ndi imene imasokoneza makolo ambiri, chifukwa mtengo wolembedwa umaopsa pamene mtengo umene banja losauka limalipiradi ukhoza kukhala wochepa kwambiri kapena osakhalapo n'komwe. Chaka chimodzi m'mayunivesite amenewa, kuphatikiza fizi, malo ogona ndi chakudya, chimadya ndalama zoposa madola 80,000, ndipo digiri yoyamba imatenga zaka 4. Wophunzira wakunja saloledwa kulandira thandizo kapena ngongole ya boma la America, zimene zinakhazikitsidwira nzika ndi anthu okhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikolo, choncho thandizo lake lonse liyenera kuchokera m'thumba la yunivesiteyo. Thumba limeneli, limene pa Chingerezi amati endowment, ndi chuma chimene anthu akale a pasukulupo ndi ena ofuna kwabwino anapereka pa zaka zambiri, ndipo yunivesite imachiika m'mabizinesi n'kumagwiritsa ntchito phindu lake. Thumba la Harvard lili ndi ndalama zoposa madola mabiliyoni 50. Apa ndi pamene pagona chinthu chimene ambiri sachidziwa: sukulu zodula kwambiri ndiponso zovuta kulowa ndi zomwezo zimene zili ndi mphamvu yolipirira mwana wosauka zonse, pamene mayunivesite a maboma a m'zigawo za dzikolo, amene ndi osavuta kulowa, kawirikawiri amafuna kuti mlendo alipire fizi yonse, chifukwa ndalama za alendo ndi mbali ya zimene amayendetsera sukulu.

Mawu awiri ayenera kumvetsedwa bwino wophunzira asanasankhe kofunsira. Yunivesite imene imatsata ndondomeko ya need-blind imasankha ophunzira popanda kuyang'ana ngati banja lawo lingathe kulipira, kotero kuti kupempha thandizo sikuchepetsa mwayi wa munthu. Yunivesite ya need-aware imaika kusowa kwa ndalama pa sikelo pamodzi ndi makhalidwe ena a wofunsira, ndipo pa ana awiri ofanana nzeru, amene akufuna thandizo lalikulu akhoza kusiyidwa chifukwa ndalama zimene zinapatulidwira alendo chaka chimenecho zatha. Mayunivesite ambiri otchuka ndi a need-blind kwa nzika zokha, ndipo amene amachita chimodzimodzi kwa alendo, n'kulonjezanso kukwaniritsa zonse zimene banja likusowa, ndi owerengeka. Kwa zaka zambiri analipo 5 okha, omwe ndi Harvard, Yale, Princeton, MIT ndi Amherst College, kenako mu 2022 Dartmouth ndi Bowdoin anaonjezereka, ndipo pambuyo pake Brown, Notre Dame ndi Washington and Lee analengeza zotsata njira yomweyo. Stanford ndi Columbia, ngakhale ndi olemera, amayang'ana kusowa kwa mlendo posankha, koma amene amutenga amamupatsa thandizo lokwanira. Izi sizikutanthauza kuti sukulu za need-aware ziyenera kupewedwa, pakuti makoleji aang'ono a digiri yoyamba monga Williams, Swarthmore ndi Middlebury amalipirira alendo angapo chaka chilichonse, ngakhale mayina awo samveka kawirikawiri kuno kwathu ku Malawi.

Thandizo limeneli silitengera mapointi a wophunzira, ndipo mayunivesite 8 a m'gulu lotchedwa Ivy League sapereka sikolashipu ya nzeru kapena ya masewero. Amangoyeza kusowa kwa banja. Makolo amalemba fomu yofotokoza chuma chawo, imene nthawi zambiri imakhala CSS Profile ya bungwe la College Board, ndipo amaonetsa malipiro awo, ndalama za kubanki, nyumba, bizinesi ndi chiwerengero cha anthu amene amawasamalira. Yunivesite imawerengera ndalama imene banjalo lingathe kupereka, ndipo yotsalayo imailipira yokha. Princeton inasiya kuika ngongole m'thandizo lake mu 2001, ndipo mu Malichi 2025 Harvard inalengeza kuti mwana wa m'banja limene limapeza ndalama zosaposa madola 100,000 pachaka salipira kalikonse, malire amene pafupifupi banja lililonse la ku Malawi lili pansi pake. Vuto limene mabanja a kuno amakumana nalo ndi umboni, popeza mlimi wa fodya kapena mayi wogulitsa kaunjika alibe pepala la malipiro a pamwezi, ndipo amafunika kulongosola mwatsatanetsatane mmene amapezera ndalama ndi achibale amene amadalira iye. Pali msampha wina umene ana ena amagweramo atamva kuti kupempha thandizo kumachepetsa mwayi: amalemba kuti adzilipirira okha, poganiza kuti akalowa adzapempha m'chaka chachiwiri. Sukulu zambiri za need-aware zimanena poyera kuti mlendo amene sanapemphe thandizo pofunsira malo sangalipemphenso mpaka atamaliza digiri, choncho bodza lotere limasiya mwana ali ndi kalata yomuitana imene sangaigwiritse ntchito.

Kasankhidwe kake kamasiyana kwambiri ndi kamene anthu anazolowera ku Malawi, kumene mapointi a MSCE ndiwo amakhala patsogolo. Ku America oyang'ana mafomu amawerenga zotsatira za zaka zonse za kusekondale, makalata a aphunzitsi awiri ndi a mkulu wolangiza ophunzira, nkhani imene wofunsira walemba yekha yofotokoza za moyo wake, ndiponso zimene wachita kunja kwa kalasi. Mayeso a SAT kapena ACT, amene sukulu zambiri zinasiya kuwakakamiza panthawi ya Covid-19, anabwezeretsedwa ku MIT mu 2022 ndipo mu 2024 Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard analengeza zoyambanso kufuna zotsatira za mayeso. Kukhoza bwino kumangolowetsa munthu mu mpikisano, chifukwa ambiri mwa okanidwa nawonso amakhala okhoza kwambiri. Chimene chimathandiza mwana wa kumudzi n'chakuti oyang'ana mafomu amayeza zimene munthu wachita poyerekeza ndi zimene anali nazo, kotero kuti kusamalira abale, kulima kapena kuphunzitsa anzake pasukulu yopanda labotale zimawerengedwa ngati zifotokozedwa bwino. William Kamkwamba, amene anapanga makina opangira magetsi ndi mphepo kwawo ku Wimbe atasiyira sukulu panjira chifukwa chosowa fizi, anamaliza digiri yake ku Dartmouth mu 2014. Mwana wa Chimalawi amaleredwa kuti asadzitame pamaso pa akulu, ndipo khalidwe labwinoli limamuvutitsa akafika polemba za iye mwini, pamene aphunzitsi akenso amalemba kalata ya mizere itatu yongonena kuti ndi womvera ndi wolimbikira. Pa fomu yotere mbewa ya manyazi imafera kuuna, ndipo mphunzitsi amene amatchula zinthu zenizeni zimene mwanayo anachita amamuthandiza kuposa amene amangomuyamikira.

Mafomu ambiri amatumizidwa kudzera pa Common Application, njira ya pa intaneti imene imalola wofunsira kutumiza ku sukulu zosaposa 20. Ofunsira msanga amatumiza pofika pa 1 Novembala, ena onse kumayambiriro kwa Januwale, zotsatira zimatuluka chakumapeto kwa Malichi, ndipo wotengedwa ayenera kuyankha pofika pa 1 Meyi. Njira ya Early Decision imamanga wofunsira kuti akatengedwa apite kusukulu yomweyo, pokhapokha thandizo litakhala losakwanira, ndipo imamulanda mpata woyerekeza zimene sukulu zosiyanasiyana zingamupatse. Ndalama yotumizira fomu, imene imakhala pakati pa madola 75 ndi 90 m'sukulu zambiri zotchuka, ikhoza kukhululukidwa wofunsira akapempha.

N'zoona kuti ana ophunzira A-Level kapena IB m'sukulu monga Kamuzu Academy, Saint Andrew's ndi Bishop Mackenzie amayamba ali patsogolo, chifukwa mayeso awo amadziwika kunja ndipo ali ndi owalangiza. Ana a m'sukulu za boma amene amadutsa nthawi zambiri amakhala atagwiridwa dzanja ndi mabungwe. EducationUSA, imene ili pansi pa ofesi za akazembe a America, imapereka uphungu waulere. Pologalamu ya USAP, imene inayamba ku Zimbabwe mu 1999, yatumiza ana ambiri osauka m'makoleji a ku America. African Leadership Academy ya ku Johannesburg, kumene Kamkwamba anaphunzira asanapite ku Dartmouth, imakonzekeretsa ophunzira kwa zaka 2. Ndipo omaliza m'sukulu za United World Colleges, monga Waterford Kamhlaba ya ku Eswatini, amathandizidwa ndi thumba la Davis akalowa m'makoleji ogwirizana nalo.

Ku Britain zinthu n'zosiyana. Oxford ndi Cambridge amafuna A-Level, IB kapena mayeso ofanana nawo, amalipiritsa alendo fizi yokwera kwambiri kuposa ya nzika, ndipo thandizo la digiri yoyamba n'lochepa zedi. Ndalama zambiri za kumeneko zili pa digiri yachiwiri ndi yachitatu, kudzera m'masikolashipu a Chevening, Commonwealth, Rhodes, Gates Cambridge ndi Beit Trust, imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Wophunzira amene wakhoza bwino digiri yoyamba ku Zomba, Bunda kapena Mzuzu amakhala ndi mwayi wooneka pa masikolashipu amenewa, umene nthawi zambiri umaposa wa mwana wa Fomu 4 amene akufunsira ku Harvard. Kunja kwa Britain, pologalamu ya Mastercard Foundation, imene inayamba mu 2012, imalipirira achinyamata a mu Africa m'mayunivesite monga Cape Town, Pretoria, Makerere, Ashesi, McGill ndi Toronto.

Kupeza malo ndi ndalama sikutanthauza kuti ulendo watheka, popeza pamatsala chitupa cholowera m'dziko. Ku America, yunivesite imatumiza fomu ya I-20 yotsimikizira kuti ndalama za chaka choyamba zilipo, wophunzira amalipira madola 350 a kaundula wa SEVIS ndi madola 185 a chitupa cha F-1, kenako amakafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe. Mu Disembala 2025, boma la America linaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa maiko amene nzika zake zinaimitsidwa kulandira mitundu ina ya zitupa, kuphatikizapo za ophunzira, kuyambira pa 1 Januwale 2026. Malamulo otere amasintha malinga ndi ndale za dzikolo, ndipo yunivesite, kaya ikhale yolemera motani, ilibe mphamvu yopereka chitupa.

Pa chifukwa chimenechi, mwana amene akufunsira kunja ayenera kutumizanso fomu yake ku bungwe la NCHE kuti asataye malo m'mayunivesite a boma a kuno, ndipo ayenera kufunsa ku ofesi ya kazembe za malamulo amene akugwira ntchito asanalipire mayeso a SAT. Makolo nawonso achenjere ndi anthu amene amalonjeza malo ndi sikolashipu polandira ndalama, pakuti mafomu a mayunivesite onse amene atchulidwa pano amatumizidwa ndi wophunzira mwini, ndipo palibe munthu wapakati amene ali ndi malo oti agulitse.